Masekondi 6 amene ndinataya m'matope

Achimwene anga a ku Area 25 nditawauza kuti masiku ena Loweruka ndimapita kukawombera mfuti, anakhala duu pa foni mpaka ndinayang'ana ngati netiweki yadula. Kenaka anati, "Iwe, wayamba zotani kumeneko? Tinakutumiza kukasaka ndalama, osati kukasaka anthu."

Sindinawadabwe. Kwathu mfuti ndi ya msilikali, wapolisi kapena mbava. Ineyo kulira kwa mfuti ndinayamba kukumva mu Disembala 1993, tili pansi pa bedi ndi alongo anga, asilikali akulanda zida a Payoniya mumzinda wa Lilongwe. Ndiye kunena kuti munthu angaitenge ngati masewero, n'kumakawerengetsa mapointi ngati ali pa bawo, zimamveka zamisala ndithu.

Koma ndi zomwe ndimachita. Ndimakhala ku America, kummwera kwa Seattle, m'chigawo cha Washington, ndipo ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Mnzanga wina wa kuntchito, yemwe anakhalapo msilikali, ananditenga tsiku lina mu 2023 kuti ndikangoonerera. Ndinabwerako nditakodwa. Nkhani yomwe ndikufuna kukamba ndi ya Loweruka lina la mvula, mu Novembala chaka chomwecho, lomwe mpaka lero silinachoke m'mutu mwanga.

Masewero ake amayenda chonchi

Mipikisano yomwe ndimachita nawo imayendetsedwa ndi USPSA, bungwe la masewero owombera mfuti la kuno ku America. Si zoima pamzere n'kumaloza chandamale chimodzi mwakachetechete ayi. Amakumangira bwalo, timati siteji, la makoma a mapulanga ndi migolo, n'kubisamo zandamale za makatoni ndi zina zachitsulo zomwe zimagwa ukazilasa. Woyimbira amaima kumbuyo kwako ndi kawotchi kamene kamamva kulira kwa chipolopolo chilichonse n'kusunga nthawi yake. Kakangolira kuti piii, umasolola pisito, n'kuyamba kuthamanga uku ukuwombera.

Katoni iliyonse imafuna zipolopolo ziwiri. Ukalasa pakati ndi mapointi 5, ukalasa cham'mbali amachepa, ukaphonya amakuchotsera 10. Pomaliza amatenga mapointi ako n'kugawa ndi masekondi omwe watha. Choncho nthawi ndi chilichonse. Ukhoza kulasa bwino kuposa aliyense, koma ngati unkayenda ngati ukupita kumaliro, wamaliza kumunsi kwa ndandanda.

Siteji yaitali kwambiri imafuna zipolopolo 32. Apa ndi pomwe magazini imalowera m'nkhani. Sindikunena magazini yowerenga ija, koma kabokosi kachitsulo kokhala ndi sipuling'i mkati, komwe umalongamo zipolopolo n'kukalowetsa m'chigwiriro cha mfuti. M'gulu lomwe ndinayambira, la Carry Optics, malamulo a masewero sawerenga zipolopolo, amangoyeza kutalika kwa magazini: isapyole mamilimita 141.25. Magazini yotalika chomwecho imalowa zipolopolo za 9mm zoposa 20. Munthu wokhala nayo amasintha kamodzi kokha pa siteji yonse, ndipo amasinthira akuthamanga, osataya kanthu.

Zanga zimalowa 10.

Ndinachedwa ndi chaka chimodzi

Mu Malichi 2022 bwanamkubwa Jay Inslee anasaina lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi chaka chomwecho. Limaletsa kupanga, kugulitsa, kugawa kapena kulowetsa m'chigawo cha Washington magazini yolowa zipolopolo zoposa 10. Wolakwa atha kukhala m'ndende mpaka masiku 364 kapena kulipira mpaka madola 5,000. Koma lamulolo silinaletse kukhala nazo. Amene anali nazo kale zinakhala zawo. Atha kupita nazo ku mpikisano kunja kwa chigawo n'kubwera nazo, bola zikhale zomwezo.

Anzanga akalekale amasimba akuseka momwe anakokolera magazini m'masitolo mu Juni 2022, ngati mmene timachitira ndi shuga tikamva kuti akwera mawa. Ena ali nazo m'makatoni zoti sadzazimaliza mpaka imfa. Ine amene ndinagula mfuti yanga yoyamba mu 2023 ndinapeza chitseko chitatsekedwa. Pisito yanga ndi Glock 17, yomwe kwina konse imabwera ndi magazini ya zipolopolo 17. Kuno amakupatsa ya kutalika komweko, koma yopanikizidwa mkati kuti ilowe 10 basi.

Dziko lino malamulo a mfuti ali ngati chitenje cha zigamba. Ku California ndi 10. Ku Colorado ndi 15 kuyambira 2013, kutsatira kuphedwa kwa anthu 12 m'nyumba ya kanema ku Aurora mu 2012. Ku New Jersey anatsitsa kuchoka pa 15 kufika pa 10 mu 2018. Ku New York anayesa kunena kuti usalongemo zoposa 7, makhothi anakana. Ukangowoloka malire kulowa ku Idaho, kulibe malire alionse.

Buku la malamulo a USPSA limati komwe lamulo la boma likuletsa opikisana kupyola nambala inayake, aliyense pa mpikisanowo atsatire nambala yomweyo. Zabwino. Koma poti kuno kukhala nazo si mlandu, pa kalabu yathu aliyense amawombera ndi zomwe ali nazo. Ndiye pa siteji imodzi timaima anthu a mitundu iwiri: amene anayamba Julayi 2022 isanakwane, ndi ife obwera m'mbuyo.

Loweruka lija

Mvula ya kuno sigwa ngati ya kwathu. Imangowaza, tsiku lonse, yozizira mpaka zala zimachita dzanzi. Siteji yachinayi inali ya zipolopolo 32: makatoni 14 ndi zitsulo 4, pa malo anayi oimapo, zipolopolo 8 pa malo alionse. Ndinali nditaiyenda kasanu, ndikuwerenga chamumtima. Pulani yanga inali yosavuta: ndikamaliza malo amodzi, ndisinthe magazini ndikuthamangira malo ena. Kusintha katatu. Pa malo alionse ndikhala ndi 11, kuwerengera chomwe chili kale mumpope, pomwe zofunika ndi 8. Ndiye kuti ndili ndi ufulu wophonya katatu kokha.

Amene anawombera ndisanalowe ine anali bambo wina wa zaka za m'ma 60, wa ndevu zoyera, woyenda motsimphina pang'ono. Sanathamange n'komwe. Anangoyenda ndawala, mfuti ikulira ngati makina osokera, anasintha magazini kamodzi osayang'anapo. Masekondi 25. Pa chitsulo china anaphonya kawiri, koma sizinamukhudze, anangowonjezera zina. Anali ndi zosefukira.

Kenaka ine. Malo oyamba bwino. Achiwiri bwino, mpaka ndinayamba kudzimva. Pa malo achitatu panali makatoni atatu ndi zitsulo ziwiri. Makatoni ndinalasa, chitsulo choyamba chinagwa. Chachiwiri, kambale kakang'ono ngati sosala, kanali patali. Ndinawombera, kali chiimire. Ndinawomberanso. Kachitatu ndinadziwa kuti ndikukoka chala mwamantha, koma dzanja silinamve. Kachinayi, phuu, dothi linadumpha kumbali kwake, mfuti n'kutsegukira kumbuyo. Zatha.

Ndinatulutsa magazini yopanda kanthuyo, dzanja lamanzere linapita palamba, n'kusolola ina. Ndaichita kangati panyumba? Koma chala chinali chitauma ndi kuzizira. Magazini inagunda m'mphepete mwa chigwiriro, n'kuterereka. Ndinaiona ikutembenuzika m'malere, n'kukagwa chamutu m'matope. Kwa kanthawi ndinangoima, kuiyang'ana, ngati munthu amene wagwetsa foni m'chimbudzi. Mutu unkati tola, kenaka unkati usatole, yalowa mchenga. Ndinapapasa kumbuyo kwa lamba, pafupi ndi msana, n'kupeza ina. Ndinalowetsa, n'kutseka mfuti, kambale kanagwa ndi chipolopolo chimodzi, ngati kakundiseka.

Ndinamaliza pa masekondi 46. Woyimbira, mayi wina wachifundo, anabweza kawotchi kuti ndione pomwe nthawi inathera. Pakati pa chipolopolo chomaliza cha magazini ija ndi chotsatira panali 6.1.

Bambo a ndevu aja anabwera, n'kunditolera magazini, akuipukuta pa buluku lawo. Anati, m'Chingerezi chawo cha m'mphuno, waona zomwe akuchitira anthu a ku Olympia, kulikulu la chigawo chino? Anthu oti sanagwirepo mfuti. Ndipo lamulo lake n'lopanda ntchito, chifukwa chigawenga chimasintha magazini m'sekondi imodzi.

Ndinavomera. Ndinali wokwiya, wonyowa, wamanyazi, ndipo zinali zokoma kumva kuti wolakwa si ine. Ulendo wonse wobwerera kunyumba ndinkatukwana aphungu a ku Olympia, anthu oti sindiwadziwa n'komwe maina.

Funso la mayi a kunyumba

Madzulo, tikudya, ndinafotokoza zonse. Ndinachita kuimirira kusonyeza momwe magazini inagwera. Mayi a kunyumba sakonda nkhani za mfuti, ndipo anavomera kuti ikhale m'nyumba pokhapokha itakhomeredwa m'sefa, kiyi wake asamaoneke. Tsiku limenelo anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula.

Kenaka anafunsa, "Mwati masekondi angati, bambo?"

"Sikisi."

"Mfuti ili chete?"

"Ili chete, eya. Ndi zomwe ndikudandaulazo."

Anayang'ana mwana wathu wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka 9. Kusukulu kwawo, monga m'sukulu zambiri za kuno, amawaphunzitsa zochita munthu wa mfuti akalowa: kuzimitsa magetsi, kukhoma chitseko, kukhala chete pakona. Tsiku loyamba atachita zimenezi anabwera kunyumba n'kutifunsa ngati nsapato zake zowala zija zingamuonetse mumdima.

"Tatuluka panja," anatero mayi ake. "Ukayambire pa galimoto ya adadi, uthamange kubwera kuno. Adadi awerenga."

Mwana anaona ngati masewero. Anavala nsapato, n'kukaima pa galimoto, mvula ikuwazabe. Ndinatsegula wotchi ya pa foni. Nditati tiye, anaphulika liwiro, kudutsa magalimoto anayi, kuzungulira bini ya zinyalala, kukwera masitepe atatu, n'kulowa m'nyumba. Anatseka chitseko, akuseka, akupuma mwawefuwefu. Foni inali isanafike pa 6.

Mayi ake sananene kanthu kena. Anatola mbale n'kupita kukatsuka.

Zinthu ziwiri zomwe sizingakhale zoona pamodzi

Usiku umenewo ndili kuntchito, agogo onse atagona, mawu a bambo a ndevu aja anandibwerera. Ananena zinthu ziwiri mumpweya umodzi. Choyamba, lamuloli latiwonongera masewero chifukwa kusintha magazini kumadya nthawi. Chachiwiri, lamuloli n'lopanda ntchito chifukwa kusintha magazini sikudya nthawi. Ine ndinagwedeza mutu pa zonse ziwiri. Ndipo ndazimva kambirimbiri pabwalo, kwa anthu anzeru, okoma mtima, omwe amandibwereka zida ndi kundiphunzitsa osandilipiritsa.

Sekondi imodzi ija ndi yoona, koma ndi ya katswiri amene wayeserera kambirimbiri, ali ndi lamba wopangidwira ntchitoyo, akudziwa pasadakhale pomwe asinthire. Ine ndinali nditayeserera miyezi ingapo, palibe amene ankandithamangitsa, palibe amene ankakuwa. Kunali kamvula chabe ndi anthu 12 ondiyang'ana. Ndinatha masekondi 6.

Pa 8 Januwale 2011, ku Tucson m'chigawo cha Arizona, munthu anawombera phungu Gabrielle Giffords ndi anthu omwe anabwera kudzakumana naye panja pa sitolo. Anali ndi Glock yokhala ndi magazini ya zipolopolo zoposa 30. Anapha anthu 6, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 9. Anagwidwa pomwe zipolopolo zinamuthera: amuna awiri anamugwetsera pansi, ndipo mayi wina wa zaka 61, Patricia Maisch, anamulanda magazini yomwe ankafuna kulowetsa. Nkhaniyi ndinali nditaimvapo kale ngati nkhani ya pa TV. Usiku uja ndinaimva m'zala. Ndinadziwa chomwe dzanja lake linkachita, kupapasa, kugundika, chifukwa langa linachita zomwezo m'mawa wa tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti lamuloli ndi mankhwala a zonse. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko lino, ndipo oposa theka anadzipha okha. Pamenepo magazini ya 10 kapena ya 30 palibe kusiyana. Ku yunivesite ya Virginia Tech mu 2007 wakuphayo anagwiritsa ntchito magazini za 10 ndi za 15, zambirimbiri, n'kupha anthu 32. Komanso magazini zambiri zilibe nambala, zilibe deti. Munthu wa maganizo oipa wokhala ku Spokane, mzinda wa m'chigawo chino, angoyendetsa galimoto theka la ola, wafika ku Idaho. Zonsezi anzanga akazinena sindiwatsutsa. Chomwe ndinasiya kuvomera ndi chija chakuti kusintha magazini si kanthu. Aliyense amene amayang'ana kawotchi Loweruka lililonse akudziwa kuti ndi kanthu.

Pomwe ndikudandaulabe

Tikamati masewero awonongeka, tizinena kuti masewero ati. A ku Olympics amalonga zipolopolo zosapyola 5 mu pisito. Owombera mbale zouluka amalonga ziwiri. Pa mpikisano wa Steel Challenge zitsulo zimakhala 5, ndipo 10 zimakwana bwino lomwe. Amene lamuloli limawaluma ndi ife othamanga ndi pisito, komanso a mpikisano wa mfuti zitatu, omwe mfuti yawo yaitali imayendera magazini ya 30. Ndife kagulu kochepa, ndipo tikamafuula ngati dziko lonse la masewero lagwa, timakokomeza.

Komabe kuluma kwake n'koona, ndipo sikuluma onse mofanana. Lamulo linalembedwa moti amene anali kale mkati asamve kuwawa, mtolo wonse n'kugwera amene akubwera: wachinyamata amene wangokwanitsa zaka, mayi amene wayamba chaka chino, mlendo ngati ine. Chikhala kuti anati aliyense pa mpikisano alonge 10, ine sindikadalemba zonsezi. Siteji ya zipolopolo 10 ndi yokoma m'njira yakeyake, imafuna mutu, umachita kuwerenga ngati ukugawa ndalama ya mwezi. Chowawa n'kuthamanga ndi nkhuni pamutu pomwe mnzako ali chimanjamanja, kenaka n'kuikidwa pa ndandanda umodzi.

Chinanso, anthu a ku Idaho ndi ku Montana omwe ankabwera ku mipikisano ikuluikulu ya kuno sangalowe ndi magazini zawo, chifukwa kumeneko n'kulowetsa katundu woletsedwa. Ku Vermont anaona vuto lomweli n'kuika mpata m'lamulo lawo woti mlendo wobwera ku mpikisano alowe nazo. Kuno mpata wotero kulibe. Ndipo ine ndikapita kukapikisana kunja, komwe aliyense ali ndi zazikulu, sindingagule kumeneko n'kubwera nazo.

Masewerowa anakumanapo ndi zoterezi. Kuyambira 1994 mpaka 2004 lamulo la dziko lonse, lomwe anasaina Bill Clinton, linaletsa kupanga magazini zatsopano zoposa 10 zogulitsa kwa anthu wamba. Magulu a Production ndi Limited 10 anabadwa m'zaka zimenezo, onse a zipolopolo 10, kuti watsopano asaponderezedwe ndi amene anasunga zakale. Production ndi komwe ndikadathawira, koma nako anakweza kufika pa 15, potsatira zigawo zambiri komwe kulibe malire. Ndinasamukira ku Limited 10. Pa kalabu yathu timakhalamo atatu, tsiku lina awiri. Mwezi wina ndinakhala nambala wani, ndipo nditatumiza chithunzi kwa achimwene anandiyamikira kwambiri. Sindinawauze kuti nambala thu anali yekha wotsalayo, ndipo mfuti yake inkakanirira.

Za makhothi musandifunse kuti tiyembekezere chiyani. Mu Epulo 2024 jaji wa ku Cowlitz County anagamula kuti lamuloli likusemphana ndi malamulo aakulu, ndipo anthu anathamangira ku sitolo yomwe inali pamlanduwo. Tsiku lomwelo, pasanathe maola awiri, khothi lalikulu la chigawo linaimitsa chigamulocho. Ine ndinali mtulo, nditachoka ku ntchito ya usiku. Podzuka ndinapeza mauthenga ambirimbiri pa gulu lathu, oyamba akuti thamangani, omaliza akuti basi zatha. Mu Meyi 2025 khothi lalikululo linagamula, majaji 7 kwa 2, kuti lamulo likhale.

Poimika magalimoto

Patapita miyezi, mpikisano utatha, munthu wina wa pabwalo anandiitanira ku galimoto yake. Anatsegula kumbuyo, n'kukankhira kwa ine kathumba. Munali magazini zitatu zazitali, zatsopano, zonunkhira mafuta. Anati tenga, palibe amene angadziwe kuti unazipeza liti, ndatopa kukuona ukuvutika.

Ndinazigwira. Zinali zolemera bwino m'manja. Ndinaona kale m'maganizo siteji yonse ndikusintha kamodzi.

Kenaka ndinakumbukira envulopu ya mapepala anga a unzika, omwe anali asanayankhidwe. Iye anabadwira kuno. Zitavuta, ndi nkhani ya loya ndi faindi. Ine dzina langa likangotchulidwa pa nkhani ya mfuti, ngakhale ngati mboni chabe, sindikudziwa kuti wa ku imigireshoni akaliwerenga ndi maso otani. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinabweza kathumbako, n'kumuthokoza kawiri. Anandiyang'ana ngati ndamukana chakudya, ndipo kunena zoona mtima unandiwawa njira yonse.

Ndiye ndimayeserera. Ndikaweruka m'mawa, ana atapita kusukulu, ndimatsegula sefa, kuonetsetsa kawiri kuti mfuti ilibe kanthu, zipolopolo n'kuzisiya m'chipinda china. Ndimaima pafupi ndi bedi kuti magazini zizigwera pa matiresi, anthu a m'nyumba ya pansi asadandaule. Tulutsa, solola, lowetsa. Chala cholozera chigone kutsogolo kwa magazini, maso ayang'ane pakamwa pa chigwiriro. Mphindi 15 tsiku lililonse. Pachikhatho chamanzere panatuluka chikanga.

Loweruka lapitali, pa siteji ya 32 ngati ija, mfuti inandithera pa chitsulo chomaliza. Dzanja linapita lokha. Woyimbira atabweza kawotchi, panali 1.7. Bambo a ndevu aja anandimenya paphewa, akuti waona, ndinakuuza, sekondi imodzi.

Kunyumba mayi anafunsa kuti zayenda bwanji. Ndinati bwino, ndinalasa zitsulo zonse. Za 1.7 sindinawauze. Mwana anali pakhonde, akumanga zingwe za nsapato.